Maselo a Amós

Amós anamwalira Lachiwiri, koma maselo a m'mapapo mwake anali akadali moyo ku Moatize, m'kagalasi kochepa ngati chikhadabo. Ankawasamala ndi mlongo wake Dalila, yemwe ankagwira ntchito m'labolatoriyo ina yaing'ono kuseri kwa msika.

Kagalasiko kanali ndi tingalande toonda kuposa tsitsi. Kapampu kankakankhiramo madzi a chakudya dontho ndi dontho, ndipo zonsezi zinkakhala m'bokosi lofunda ngati thupi la munthu. Dalila akasuzumira pa makina okuzira tinthu, ankaona timaubweya ta maselowo tikugwedezeka osaleka. Magetsi akanangothima maola angapo, basi, onse akanafa. Madokotala ofufuza anati maselowo akafika masiku makumi awiri ndi asanu ndi atatu, adzaonetsa zomwe fumbi la malasha limachita m'chifuwa cha munthu. Amós, amene anayendetsa zimagalimoto za kumgodi mpaka chifuwa chinamugwetsa, anawapereka yekha. "Tengani," anatero, "adzandilankhulira ine nditagona."

Mkulu wa labolatoriyo anali Sinyoro Cândido. Za maselo bamboyu sankadziwa n'kamodzi komwe. Luso lake linali tayi ndi kuima pakati pojambulitsa. Chijasi chake choyera chinkasitidwa tsiku lililonse, koma pa makina aja anali asanasuzumirepo chibwerere, poti mkulu sawerama antchito akuona.

Maliro anali Lachinayi, kutatsala masiku awiri okha kuti maselowo akwanitse masiku aja. Dalila anamata pepala pa tomada ya bokosi lija, pamene pamalowa chingwe cha magetsi, nalembapo kuti MUSAZULE. Tomada yotenga moto ku mabatire inali yokhayo m'nyumba monsemo.

"Sinyoro Shefe, chonde, iyi yokha asaikhudze munthu."

"Pita, mwanawe, pita. Ine undiphunzitse iwe za tomada?"

Amós anamuika ku Zóbuè, m'mphepo, pafupi ndi munda wa mbatata umene makolo awo analima atabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Dalila analira mpaka mawu kusasa. Komabe mumtima anali ndi kachitonthozo kamene sanauze munthu, kakuti achimwene ake sanalowe onse m'dzenjemo.

Lachisanu m'mawa anatsika shapa, kaminibasi ka anthu, ku Moatize napeza chihema, mipando ndi alendo a masuti ochokera ku Tete. Magetsi a m'tauni anali atathima chadzulo, koma mawu a Sinyoro Cândido ankamveka mpaka kunjanji. "Maselo amoyo, alendo athu! Amoyo! Pansi pa utsogoleri wanga!"

Dalila anaona chingwe chakuda chochokera pa chimkuzamawu chikulowera pawindo la labolatoriyo. Anachitsatira. Chinakathera pa tomada ija. Bokosi linali lozizira, kapampu kali duu, ndipo pepala lake analipinda bwinobwino n'kutchingira mwendo wa tebulo logwedera. Mlonda anamuuza kuti abwana anayamba dzulo masana kuyeserera zolankhula zawo, katatu konse, kuti amve ngati mawu akutuluka aulemerero.

Anaika kagalasi pa makina, nasuzumira nthawi yaitali. Palibe kaubweya n'kamodzi komwe kanagwedezeka. Chisoni chinamugwira, ndipo pambuyo pake panabwera mkwiyo.

"Dalila! Bwera, udzawauze alendo mmene timawasamalira!"

Anatuluka atafumbata kagalasiko. Sinyoro Cândido anamupatsa mikrofoni akumwetulira mano onse panja, poti wojambula anali atawalozetsa kale kamera.

"Alendo athu," anatero Dalila, "dzulo taika achimwene anga ku Zóbuè. Kanatsala ndi aka. Moto umene ukukuza mawu angawa ndi umene unkawafunditsa. Sinyoro Shefe anaufuna kuti mumve bwino kuti maselo ali moyo. Mwamva. Afa."

M'chihema mpando umodzi unalira. Sinyoro Cândido analanda mikrofoni nayamba kufotokoza za zovuta zina za umisiri, koma Dalila anali atalowa kale m'nyumba. Anazula chingwe chija, ndipo mkuluyo anatsala akutsegula pakamwa ngati nsomba ya mumtsinje wa Revubué yoponyedwa pamchenga.

Dalila anamanga kagalasi pansonga ya kapulana yake, nsalu imene anavala m'chiuno, napita kumsewu kukadikira shapa yobwerera ku Zóbuè. Dothi la pamanda linali lisanaume.