Mimba Yobisa mu Ovolosi

Kwa miyezi ingapo, mayi wosoka makolala ankabwera kuntchito atavala ovolosi ya mwamuna wake, mkati atamanga lamba kuti mimba isaoneke. Fakitale ya malayayo inali ya kampani yakunja, ndipo iye ndi anzake onse pamzere wa makina anali a kontirakiti ya miyezi itatuitatu. Mwambo wa pamalopo aliyense ankaudziwa: ukaoneka kuti uli ndi pakati mabwana sakuchotsa ntchito ayi, ndi anthu aulemu, amangoiwala kukupatsa kontirakiti ina. Mayiyu ankachita mantha kwambiri, moti nseru ikabwera ankangoimeza, phazi lili pamakina.

Lolemba m'mawa kapitawo anazimitsa makina onse. Bwana woona za antchito analowa ndi pepala kumanja.

"Lamulo lasintha," anatero bwanayo, "ndipo makampani akunja silikuwasiya. Amene wakwanitsa chaka pano, ntchito yake ndi yokhazikika. Inshuwalansi ya kuchipatala ndi ya aliyense. Woyembekezera azipita kutchuthi cha miyezi itatu akulandira malipiro, ndipo akabwerako malo ake adzawapeza."

Wosoka makolala anakweza dzanja.

"Pepani bwana, mubwereze pa malopo. Mwati adzawapeza?"

"Adzawapeza, mayi. Makina omwewo, mpando womwewo."

Basi anaimirira, n'kupisa manja mu ovolosi, n'kumasula lamba uja. Mimba inangoti tutumu! Anapuma mpweya wonse umene ankausunga.

"Ndiye lembani dzina langa, bwana. Uno ndi mwezi wachisanu ndi chimodzi."

Nthungululu zinalira mpaka kapitawo anatseka makutu. Phokoso lisanathe, wosoka mabatani, mnzake wa pambali amene ankadya naye tsiku lililonse, naye anadzuka n'kuvula juzi yomwe ankaivala ngakhale kutentha.

"Aaa, achemwali, inunso?" anafunsa wosoka makolala.

"Nanga mumati ndimazizidwa chiyani ine? Wachinayi uno!"

Anadzukanso wa mazipi, kenako wosita wa kumapeto kwa mzere. Kapitawo ankangopukusa mutu.

"Ine ndimati chakudya cha kukantini chayamba kukukomerani!"

Onse anafa nacho chiseko. Wosoka makolala anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo itayamba sinafunenso kuleka, pakuti chimwemwe chinamukulira. Anakhala pampando wake n'kuika dzanja pamimba, koyamba pamaso pa anthu, osayang'ana uku ndi uku. Mwana anagunda kawiri.