Mpope Wautali wa Apongozi

Loweruka limenelo bambo Msaiwale anasita okha malaya awo a khaki, anapukuta nsapato mpaka kuwala, ndipo pofika seveni koloko anali atakhala kale m'galimoto, lamba atamanga, injini isanalizidwe n'komwe. Tithokoze, mkazi wa mwana wawo Lamson, anawasuzumira pawindo la kukhitchini, mtima wake n'kudumpha ndi chimwemwe. Zaka ziwiri chibwerereni ku Perth, mzinda wa kutsidya la nyanja, apongozi akewo anali asanafulumirirepo chinthu chilichonse.

Kumudzi mkuluyu sanali munthu wamba. Kwa zaka zoposa makumi awiri analondera nyama m'nkhalango ya Kasungu, mfuti ili paphewa, ndipo opha njovu mozemba ankati akamva kuti ali pafupi ankasintha njira. Koma mayi a kunyumba atamwalira Lamson anawaitanitsa, ndipo kunyumba ya Lamson ku Midland anasanduka mlonda wa wailesi yakanema. Kudya, kugona, kuyang'ana mpanda wa malata. Anaonda, mawu anachepa. Tithokoze zinkamupweteka kwambiri, koma mpongozi angatani? Mwambo anabwera nawo wonse osasiyako kanthu pabwalo la ndege. Iye ndi apongozi sankayang'anana m'maso, sankakhala pampando umodzi, ndipo mawu onse ankadzera mwa Lamson ngakhale atatuwo ali m'chipinda chimodzi.

Mwayi unabwera ndi Joan, mzungu woweta nkhosa kuseri kwa mapiri a kum'mawa kwa mzindawu. Mayi ake a Joan ankasamalidwa kunyumba ya okalamba kumene Tithokoze ankagwira ntchito, ndipo ndi Joan yemweyo amene anamukokera kukilabu yowombera timbale tadothi. Masewerawo ngosavuta kufotokoza: makina amaponya kambale, iwe n'kukaphwanya ndi chifefe, mfuti ija imamwaza machaka. Tithokoze anapita kamodzi mongoyesa, basi anakodwa, ndipo tsopano anali ndi layisensi ndi mfuti yakeyake. Ndiye zinachitika kuti nkhandwe zinkamumalizira Joan ana a nkhosa, ndipo ankafuna mlenje. Tithokoze sanachedwe kumutchulira apongozi ake. Kalata ya mwini famu ndiyo inkatsegulira munthu khomo la layisensi yosakira, koma Joan sankailemba mwachisawawa. Lamulo lake linali limodzi: pa timbale makumi awiri ndi tisanu, uphwanye khumi ndi tisanu iye akuona. Kubwereza kunalibe, chifukwa nkhosa zinali pafupi kuberekanso ndipo panali mnyamata wina wa ku Northam amene ankaifunanso kalatayo.

Njira yonse bambo Msaiwale pakamwa sipanatseke. Anafotokoza za njati imene inawathamangitsa mpaka kukwera mtengo wa minga, za fisi amene anaba nsapato ya bwana wawo, n'kumaseka okha. Tithokoze ali kumpando wakumbuyo ankangomwetulira, chitenje atamanga pamwamba pa thalauzi lake lowombera nalo, poti apongozi analipo.

Kukilabu, woyang'anira bwalo anawatulutsira mfuti zitatu zobwereka kuti asankhe: ya mpope wa mainchesi 28, ya 30, ndi ya 32. Mkuluyo ziwiri zoyambazo sanazikhudze n'komwe. Dzanja linangolunjika pa yaitaliyo.

“Mfuti ndi mpope, Lamson,” anatero, akuisisita ngati ng'ombe yogula kumene. “Kwathu gogodela wa mpope wautali ndiye ankagwetsa nyama patali. Tatifupi iti n'toopsezera agalu.”

Chimwemwe cha Tithokoze chinazilala pomwepo. Mpope wautali si woipa ayi. Amuna ataliatali a pakilabupo ankaukonda pa timbale touluka patali, chifukwa ukayamba kuyenda umayenda mosalala. Koma kutalika sikuti kumaponya machaka patali, kumangowonjezera kulemera kutsogolo. Ndipo Joan sanasankhe bwalo la poyera. Anasankha la m'tchire, pakati pa mitengo ya bulugamu, pamene timbale timabulika pafupi, kudutsa chopingasa, tina kugubuduzika pansi monga ithamangira nkhandwe. Pamenepo pamafunika mfuti yotembenuka msanga. Bambo Msaiwale anali wamfupi, wa zaka 68, ndipo manja awo anali atatha zaka ziwiri akunyamula rimoti yokha.

Tithokoze anamukokera Lamson pambali, n'kumuitana ndi dzina la mwana wawo. “Bambo a Ndaona, auzeni mwaulemu kuti bwalo la lero ndi la timbale ta pafupi, ndiye ya 28 ndi imene akatswiri amasankha. Munene kuti akatswiri, mwamva?”

Lamson anali munthu wabwino, wodziwa mankhwala onse a m'chipatala cha ku Nedlands, koma za mfuti analibe nazo gawo. Anali atavala kale zotsekera m'makutu kuwombera kusanayambe. Anagwedeza mutu, n'kupita kwa bambo ake.

“Bambo, akuti mfutiyo ikulemerani,” anatero mokweza, mwa munthu wosadzimva.

Tithokoze analakalaka nthaka itang'ambika. Bambo Msaiwale anawongola msana, maso ali kumitengo.

“Uwauze amayi a Ndaona kuti ine ndinayamba kunyamula mfuti iwo asanabadwe.”

Nkhani inathera pomwepo. Joan, amene sanamve liwu lililonse koma anaona nkhope, anangotukula mapewa n'kutenga pepala lake lolembapo zigoli.

Bwalolo linali ndi malo asanu oimapo, timbale tisanu pa malo aliwonse. Pa malo oyamba mkuluyo anaima bwino zedi, mwendo kutsogolo, tsaya pamfuti. Anati, “Pulu,” mawu oitanira kambale amene anamuuza, kambale kofiirira n'kubulika kumanzere. Anatsinzina diso limodzi, anakatsata, anaimitsa mfuti kuti alunjike bwino, n'kukhethemula. Kambale kanapitirira ulendo wake kali kamphumphu n'kukatera m'udzu. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu kanathothoka kachidutswa, Joan n'kulemba chigoli. Tiwiri totsalato tinapita osakhudzidwa.

Pa malo achiwiri zinanyanya. Tithokoze ankaona bwino lomwe kuti diso la mkuluyo linkakapeza kambale msanga kuposa la munthu aliyense pamenepo, koma mpope unkafika mochedwa, ndipo pofika kambale kachinayi unali utayamba kuwerama. Thukuta linadetsa malaya ositidwa aja. Anaphwanya kamodzi kokha. Pa timbale khumi, tiwiri. Pa khumi ndi tisanu totsala anayenera kuphwanya khumi ndi titatu.

Ali panjira yopita kumalo achitatu, mkuluyo ankayenda yekha kutsogolo, maso pansapato. Tithokoze anawaona msana, ndipo anauzindikira. Unali msana womwe uja wa pampando wa ku Midland. Mantha anamugwira, mkwiyo nawo unamugwira, wokwiyira Lamson, mpopewo, ndi iye mwini. Kukhala chete kunali ulemu, inde, koma ulemu umenewo ukanawabweza apongozi ake kukakhalanso pawailesi yakanema mpaka imfa. Paja amati wakutsina khutu ndi mnansi. Nanga mnansi woposa iye analipo pamenepo?

Anatsitsa paphewa mfuti yake ya mpope waufupi, anaithyola pakati kuti aliyense aone kuti mulibe chipolopolo, anawapitirira apongozi akewo, n'kugwada pamiyala ya panjirapo. Anaikweza mfutiyo ndi manja awiri, maso ali pansi. Azungu amene ankadikira nthawi yawo anasiya kucheza. Woyang'anira bwalo anayamba kuyandikira, koma Joan anamugwira pamkono.

“Bambo, mundikhululukire, ndalumpha malire,” anatero Tithokoze. “Diso lanu silinaphonye ngakhale kamodzi, ndakhala ndikuona. Ukuchedwa ndi mpope. Umenewo ngwa poyera, koma kuno n'kutchire. Yesani iyi. Maso onse awiri akhale otsegula, ndipo mukakhethemula musaimitse, muzingokatsatabe.”

Lamson anavula zotsekera m'makutu zija mochedwa, kukamwa kuli yasa. Bambo Msaiwale anayang'ana kumitengo nthawi yaitali ndithu. Kuphunzitsidwa mfuti ndi mkazi, mkaziyo mpongozi, pamaso pa azungu, si chinthu chomezeka ngati phala. Tithokoze ankamva miyala ikulowa m'maondo, ndipo anayamba kuganiza kuti wawononga zonse, kalata ndi mtendere wa panyumba womwe.

Kenako mkuluyo anapatsira Lamson mfuti yaitali ija, anapukuta manja pathalauzi, n'kulandira ya Tithokoze ndi manja awiri.

“Dzukani mayi, miyalayo ikupwetekani.”

Anaikweza paphewa kawiri, kutembenuka nayo kumanzere ndi kumanja. Nsidze zinakwera pang'ono.

Kambale koyamba ka pamalo achitatu anakapitirira, mfuti itathamanga kuposa mmene ankayembekezera. Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene watulukira chinsinsi. Kachiwiri kanasanduka fumbi. Kachitatu fumbi. Kachinayi ndi kachisanu anatiphwanya tisanafike n'komwe pakati pa mitengo. Tithokoze anazindikira kuti wagwira mkono wa Joan ndipo akuufinya.

Pa malo achinayi timbale tinkatuluka tiwiritiwiri, ndipo apa m'pamene mlonda wa ku Kasungu anadzuka yense. Thupi lonse linkatembenukira m'chiuno, phuu, phuu, zidutswa zofiirira zili mbwee m'masamba. Kachisanu kanabwera kokha chapamwamba, nakonso sanakasiye. Tisanu pa tisanu. Azungu aja anali atasiya mzere wawo n'kumatsatira gululo, wina akufunsa Lamson kuti mdalayu anali msilikali kapena chiyani. Lamson, amene sanathandizepo kalikonse tsiku lonse, ankayankha chifuwa chili patsogolo ngati mfutiyo anaisula ndi iye.

Zigoli zinali khumi ndi chimodzi. Pa malo omaliza pankafunika tinayi. Anaphwanya koyamba, anaphwanya kachiwiri. Kachitatu kanakhotera kuseri kwa mtengo, machaka n'kukathera m'makungwa. Kachinayi kanathyoka pakati, zidutswa ziwiri zokha, koma chigoli ndi chigoli. Khumi ndi zinayi.

Komaliza kanali kogubuduzika pansi, kaja kamadumpha kakagunda mwala ndipo kamachititsa manyazi ngakhale akatswiri. Mkuluyo anapukuta nkhope ndi mkono, anaika chipolopolo, anatseka mfuti.

“Pulu.”

Kanatuluka kumanja kali liwiro, kanagunda kachulu, n'kudumpha m'mwamba. Mfuti inakwera nako ngati inkadziwa kale, ndipo kanaphulikira m'malere.

Nthungululu inatuluka yokha. Tithokoze sanaiitane, sanaganize za apongozi kapena azungu, inangong'amba tchire lonselo mpaka mbalame zinathawa m'mitengo. Misozi inali mbwembwembwe. Joan analemba chigoli chomaliza, anapinda pepala, n'kupereka dzanja kwa mkuluyo.

“Kalata yanu muilandira Lolemba,” anatero m'Chingerezi.

Koma bambo Msaiwale za kalata anali atazidutsa kale. Anathyola mfuti, anaikoleka pamkono, n'kuyamba kumupanikiza Joan ndi mafunso. Nkhandwezo zimamwa kuti madzi? Zimalowera mbali iti ya mpanda? Mphepo ya m'mawa imachokera kuti? Joan anatola kamtengo n'kujambula famu yake pansi, mkuluyo atanjuta pambali pake, akuloza apa ndi apo. Atamvetsa zonse anadzuka, n'kutembenuka. Lamson anasendera pafupi kuti alandire uthenga monga mwa masiku onse, koma bambo ake anamulambalala.

“Mayi,” anatero kwa Tithokoze, “famuyi ili ndi zigwa ziwiri, munthu mmodzi sangazikwanitse. Loweruka likubwerali mupemphe kuti asakuikeni pashifiti. Tili ndi ntchito.”