Tsiku Limene Mphepo Inaleka ku Rathmines

Chimene chinawasowetsa mtendere a Eston chinali kapepala kochokera kukampani ya magetsi. Kankati dziko la Ireland likufuna magetsi ambiri azichokera ku mphepo, ndipo makina ake azimangidwa m'nyanja, kutali ndi gombe. Kwa munthu wokulira ku Ndirande nkhaniyi inali yosachita kufunsa. Kwawo madzi akachepa mu Shire magetsi ankathima, ndiye kuno mphepo ikaleka chichitike n'chiyani?

"Mayi a Temwa, mdima watilondola mpaka kuno," anatero kwa akazi awo, a Justina.

"Inu, kafunseni kaye odziwa."

Koma a Eston sanali munthu wofunsa. Anagula makala ndi kambaula kowotchera nyama, n'kubisa kunsi kwa bedi. Pawindo anamangirira jumbo kuti aziona ngati mphepo ilipo.

Fulati yawoyo, ya ku Rathmines mumzinda wa Dublin, anaipeza movutika. Miyezi isanu ndi itatu ankagona pabalaza pa mnzawo ku Lucan, akuima pamizere ya ofuna nyumba. Mwini fulatiyo, a Gerard, okhala m'chipinda chapansi, anali atanenetsa kuti m'nyumbamo asayatsemo moto wa mtundu uliwonse.

Loweruka lina m'mawa jumbo ija inangoti zii. A Eston anatenga mbaula n'kukaikoleza kubafa, atatseka mawindo kuti a Gerard asamve fungo.

"Koma babu likuyakatu ili," anatero a Justina.

"Likutsanzika limenelo. Bweretsani nyemba tiikepo."

Nyembazo sizinafike n'komwe pamoto. Alamu ya utsi inalira nyumba yonse, anthu n'kuthamangira panja, wina ali chovala thaulo lokha. A Gerard anakwera masitepe maso ali psuu, ndipo mawu awo anali ochepa: anthu fifite akuifuna fulatiyi, alongedze katundu. A Eston mantha anawagwira zenizeni.

Apa panatulukira a Chilufya, mayi wa ku Zambia wokhala khomo loyandikana, amene ankagwira ntchito yoyeza malo omangapo makina a mphepo m'nyanja. Anatsegula mawindo onse, n'kuthira madzi pamakalapo.

"Ba Eston, mufuna kupha banja? Makala m'nyumba yotseka atulutsa mpweya wosanunkha, ugona chabe osaukanso. Manje mwayatsira chani?"

"Mphepo yaleka, mayi. Mafani anu aja aima."

A Chilufya anaseka mpaka kugwira chitseko. "Jumbo ya pa Rathmines siidziwa za m'nyanja! Kuja kulibe nyumba, kulibe mapiri, mphepo ni yamphamvu ndipo siilekaleka. N'chifukwa chake tifuna kumanga kumeneko. Ikazungulitsa mapiko, malaiti abwera pa waya wa pansi pa nyanja."

"Nanga ikalekeratu?"

"Malaiti onse akumana m'mawaya amodzi, a mphepo, a gasi, a dzuwa, ena ochokera kunja. Uku kukachepa, uku awonjezera. Ubwino wa mphepo ni wakuti siitha ndipo ilibe utsi. Utsi wonse mu Dublin lero ni wanu."

Kenaka anatembenukira kwa a Gerard n'kuwafotokozera m'Chingerezi za kwawo kwa a Eston, kumene munthu wanzeru sakhala wopanda makala. A Gerard anayang'ana babu lomwe linkayakabe, anayang'ana jumbo, ndipo ukali unayamba kuwathera. A Eston anapepesa akusisita manja, mpaka kufuna kugwada. Mwini nyumbayo anati ili ndi chenjezo loyamba komanso lomaliza, ndipo mbaula ikakhale kubwalo lakuseri.

Mawa lake Misa itatha, a Eston anaima pamaso pa Amalawi anzawo n'kuulula zonse. Anthu anaseka, koma abambo awiri anaweramitsa mitu, poti nawonso anali ndi makala kunsi kwa bedi.

"Abale, safunsa anadya phula," anatero a Eston. "Magetsi a mphepo ya m'nyanja ndi aukhondo, ndipo sathima chifukwa choti pakhomo panu palibe mphepo. Chinthu chikakhala chachilendo, funsani odziwa. Makala m'nyumba musayatse, zivute zitani. Ine dzulo ndikanataya nyumba, ndikanatayanso mkazi ndi mwana."