Handibuleki Yakufa pa Chitunda cha ku Mkanda

Tiyanjane anadziwa kuti a Rodrick akumuda asanamupatse n'komwe makiyi. Mkuluyu anali atayendetsa pikapu ya pa esiteti ya fodya ija zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Lero maso atayamba kuchita nkhungu, a manijala n'kuwauza kuti ayese mwana wa tenanti, wamkazinso, woti kwawo ndi ku Phalombe. Zinawawawa, ndipo sanavutike n'kubisa.

Lamulo la a manijala linali limodzi. Tiyanjane akatenge matumba a fetereza kwa Kamwendo, a Rodrick atakhala pambali. Galimoto ikangozima kapena kubwerera m'mbuyo, ngakhale kamodzi, ntchito palibe, abwerere kukasoka fodya m'chigafa ndi bambo ake, laisensi yake izidyedwa ndi chiswe m'sutikesi.

Popita zonse zinayenda bwino, ndipo zimenezo ndiye zinawaipira a Rodrick. Pobwerera anakana msewu wabwino.

"Khota apa," anatero akuloza kanjira kachidule. "Pa tala ngakhale mbuzi ikhoza kuyendetsa."

Kanjirako kamawoloka kamtsinje n'kukwera chitunda chofiira, chimene tsikulo chinali choterera ndi mvula ya dzulo lake. Atangowoloka, Tiyanjane anaona masamba aawisi atayalidwa pamsewu. Maliro. Ali pakati penipeni pa chitundacho, bokosi linatulukira kutsogolo, anthu akudula msewu kulowera kumanda. Munthu woleredwa saliza hutala pamaliro. Anaponda kilachi ndi buleki, n'kuima.

Anakoka handibuleki. Inangobwera yonse, yopepuka ngati mpini wopanda khasu.

"Imeneyo inafa kalekale," anatero a Rodrick, mano onse ali pamtunda. "Ife timaika mwala kutayala."

"Ndiye tatsikani mundiikire, bambo."

"Ine? Ndikusenzere mwala iwe? Si paja uli ndi pepala la ku Lilongwe? Liike pepalalo kutayala."

Tiyanjane anayang'ana pagalasi. Amayi achikulire otsalira m'mbuyo anali atadzaza msewu, awiri atagwira bodi ya pikapu kuti apumeko, nyimbo ili pakamwa. Anasuzumira pazenera n'kuwapempha kuti apatuke. Awiriwo anachotsa manja, koma msewu pamenepo ndi wopanikizika, uku ngalande uku chigwembe, ndipo enawo ankangokwerabe. Matumba makumi awiri anali kukokera galimoto kumtsinje. Kuchotsa phazi pa buleki kuti likafike pa faya n'kanthawi kochepa zedi, koma kokwanira kuponda munthu.

Kutsogolo kunayera, bokosi litadutsa.

"Tiye nazo, dalaivala," anatero a Rodrick. "Kapena tigone pompano?"

Tiyanjane anali ndi mantha, komanso anali atakwiya. Pambali pa giya panali kandodo kakafupi, kaja kamapatsa matayala onse anayi mphamvu yokwawa. A Rodrick ankakasandutsa chokolekapo chipewa. Anachotsa chipewacho n'kuwaponyera pamiyendo, anakoka kandodoko mpaka kanalowa kuti khwa, n'kuika giya wani.

"Usandiwonongere galimoto iwe!"

Tiyanjane anagwiritsitsa chiwongolero. Buleki ali chipondere, anayamba kukweza kilachi pang'onopang'ono, khutu lili pa injini. Injini inasintha mawu, inayamba kubuula chapansipansi. Chiwongolero chinanjenjemera m'manja, mphuno ya galimoto n'kudzuka pang'ono. Pamenepo anaumitsa phazi lamanzere.

"Izima! Upha anthu, mwana wa tenanti iwe!"

Anachotsa phazi pa buleki. Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka, a Rodrick ulendo wa m'ngalande, khuu, chipewa chawo chili m'manja.

Pikapu sinabwerere ngakhale kutalika kwa chala. Inaima kaye ngati ikuganiza, kenaka inayamba kukwawa, matayala akukanda matope. Tiyanjane anawonjezera faya mwaulemu, osati kubangulitsa injini pamaliro a eni, mpaka anafika pamwamba. Anaimika pamalo athyathyathya n'kudikira.

A Rodrick anakwera chitundacho wapansi, pakati pa amayi aja, thalauza lili matope mpaka m'chiuno. Mayi wina anasiya nyimbo n'kufunsa mokweza, "Mwavulala, a dalaivala? Nanga mumathawa chiyani, ife tili kumbuyo?" Mudzi wonsewo unkawadziwa dzina.

A Rodrick anafika akupumira m'mwamba, ndipo mwachizolowezi analunjika kuchitseko cha dalaivala. Tiyanjane sanasunthe.

"Ndikawauza a manijala kuti yabwerera," anatero, mawu akutuluka mwa apo ndi apo.

"Mwaiona muli kuti, bambo? M'ngalandemo munkaona bwino?" Analoza amayi amene ankawayang'anabe. "Mukawauze. Ine ndikawatengera awa akakhale mboni."

A Rodrick anaima pamenepo, dzanja lili pachitseko. Kenaka anachisiya. Anazungulira kutsogolo kwa galimoto yawo pang'onopang'ono, n'kukakhala mbali ya okwera, ndipo mpaka ku esiteti sanamuuzenso pokhota.