Phukusi la Apongozi

Magetsi anasankha tsiku lomwelo kuti athime, ngati achita kutumidwa. Filiji ya nsomba inangoti zii pakhonde, ntchentche za m'dera lonse la Zengeza 4 n'kuyamba kuitanizana. Florida ankazikupiza ndi chitenje, mtima uli m'mwamba.

Ankadikira mlendo. Gulu la asodzi la mwamuna wake, Naison, linali litapempha chiphaso chotsimikiza kuti nsomba zawo amazigwira mosamala: maukonde a maso akuluakulu okhaokha, ndipo miyezi yoswana osayandikira kumabango. Eni damu anali ataneneratu kuti chaka chino wopanda chiphaso achotse bwato lake. Tsono mayi woyendera ankalowa nyumba ndi nyumba mwa mamembala, ndipo nyumba imodzi ikapezeka yolakwa, gulu lonse lagwa.

Naison anali kudamu kusoka maukonde, poti inali miyezi yoswana, damu lili lotseka. Pakhomo panatsala Florida ndi apongozi ake, bambo Obadiah, nkhalamba yaukhondo koma yosauzidwa kanthu. Nsomba zimene aliyense kuno amati gwaya, iwo mpaka lero amakakamira kuti ndi chambo, ngati kwawo kwa makolo kumene sanakupondeko.

Chimene chinkamudya Florida chinali kumpopi. M'mawa anapezako mamba aawisi, onyezimira, pamene nsomba zake zonse zinali zakale, zogwidwa damu lisanatsekedwe. Pafumbi panalinso mapazi a njinga ya a Hezekiah, mnzawo wa nkhalamba, amene aliyense amadziwa kuti amavuula nsomba kumabango ndi neti ya udzudzu.

"Bambo, mamba ali kumpopiwa ndi a chiyani?" anafunsa atagwada pakhomo pa chipinda chawo.

"Amake Tarisai, mumafunsa zambiri," anayankha m'katimo, chitseko osatsegula.

Mlendo anafika dzuwa lili paliwombo, mitambo yakuda itaunjikana cha kudera la Unit L. Dzina lake anali Mai Ruvarashe, mayi wochepa thupi, wolankhula motsitsa, wa maso osaphethira. Anatsegula filiji, kuyeza nsomba ndi kachingwe, kutambasula ukonde wakale umene unali pawaya n'kupisa zala m'maso mwake. Florida ankamutsata pambuyo, ataima mobisa mpopi. 

"Zvakanaka, zonse zili bwino," anatero mlendoyo pomaliza. "Pano palibe vuto. Munatsala inu nokha, ena onse ndamaliza."

Florida anapuma. Anamuperekeza mpaka pageti, ndipo ndi pomwe chitseko chija chinalira kumbuyo kwawo.

Bambo Obadiah anatuluka atavala jekete la kutchalitchi, atanyamula ndi manja awiri phukusi la nyuzipepala. Pansi pake panali patanyowa. Pakhomo pawo, chiyambire, mlendo sanatulukepo chimanjamanja. Wa khonsolo wodzadula madzi amene, anapita ndi mapeyala. Ndiye mlendo wa mwana wawo apite ndi fumbi lokha?

Florida anaona zonse zikubwera. Kunali kungotambasula dzanja n'kulanda. Koma mkamwana amalanda chinthu m'manja mwa apongozi, pamaso pa mlendo? Manja ake anangouma pachitenje.

"Bambo, mlendoyu akufulumira," anatero.

"Maita basa, Sekuru," anathokoza Mai Ruvarashe, "koma pantchito sitiloledwa kulandira mphatso."

Nkhalamba inakhumudwa. Inaganiza kuti mlendo wayesa kuti ndi zam'filiji yothima ija, zoyamba kununkha.

"Ayi mwanangu, si zimenezo. Taonani kaye."

Anamasula phukusi pang'onopang'ono, monyadira. Munali chambo chachikazi chokhachokha, maso ali ngwee, mimba zili tothololo. Anasankha chimodzi n'kufinya pamimba ndi chala chachikulu. Mazira achikasu anatuluka n'kuyenderera pachikhatho chawo.

"Mwaona? Za m'mawa uno, za kumabango kwenikweni. Ndinachita kuitanitsa chifukwa cha inu. Pakhomo pa Naison mlendo sitimupatsa nsomba yogonera."

Mai Ruvarashe sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anayang'ana mazirawo, kenako Florida, kwa nthawi yaitali, n'kutsegulanso chikwama chimene anali atatseka kale. Mvula inayamba kudontha pamalata.

Foni ya Florida inalira m'chitenje. Anali Naison, akuimba ali kudamu, kumene amuna anzake ankaseka pomanga maukonde atsopano. Florida anangoigwira osayankha.

"Tayankhani, amake Tarisai," anatero bambo Obadiah akumwetulira, phukusi lidakali m'manja. "Mumuuze kuti mlendo wake tamulandira bwino."