Nyenyezi Yopanda Dzina

"Muipukuta mpaka isupuke," anatero Mwasiti akuika fulasiki ya tiyi pa kauntala. "Kodi akubwerayo ndi mnzanu kapena ndi bwana wa ku Boma?"

Muzamil, mwamuna wake, anasiya kupukuta laputopu. Anapinda kansalu, n'kukankhira laputopu pakati pa tebulo, n'kutulukanso pakhomo pa shopu yake yotchajira ndi kukonza mafoni. Mvula ya mu Disembala inali itangokata ndipo msika wa pa Mzimba unali matope okhaokha. Uthenga unali utafika m'mawa kuti basi ya ku Joni yadutsa pa Jenda. Aaron Shaba anali m'basimo.

Laputopuyo inali ya Aaron, mlimi wa fodya wa ku Edingeni. Anaigula yakale, muli kale masewera a zombo za mumlengalenga, ndipo poti kwawo kunalibe magetsi, ankabwera nayo kudzatchaja pa sola ya Muzamil. Chinansi chawo chinayambira pamenepo. Masewerawo analibe mathero, analibenso wopambana. Munthu ankapatsidwa kachombo kakang'ono pakati pa nyenyezi zosawerengeka, kwinako adzionere yekha. Wofuna malonda achite malonda, wofuna kukumba miyala akumbe, wofuna nkhondo amenye. Wofuna kungoyenda ayende, ndipo akafika pa nyenyezi imene sinafikidwepo, amaloledwa kuitcha dzina.

Fodya atakanika, Aaron anatsata njira ya amuna ambiri a ku Mzimba, yopita ku Joni kukafuna ntchito. Tsiku lonyamuka anadzera pashopupo.

"Nganya, ng'ombe zanga ndasiya kwa asibweni, amalume anga aja," anatero. "Iyi ndikusiya kwa iwe. Uziidyetsa. Thole walunjika kale kumene akupita, iwe uzingomukankha pang'ono tsiku ndi tsiku. Mbwenu."

Thole, kutanthauza mwana wa ng'ombe, linali dzina la kachombo kake.

Miyezi yoyamba Muzamil anachita monga anauzidwira. Koma ulendowo unali wa mdima wokhawokha. Kudumpha, kumwetsa mafuta pa nyenyezi, kudumphanso. Kunalibe msika, kunalibe munthu, m'chombomo munalibe katundu. Kwa mwana wobadwira kuseri kwa kauntala, chombo choyenda chopanda kanthu chinali ngati shopu yotsegula mashelefu ali mbee. Masana ena makasitomala atasowa, anatsegula mapu, naona misika ikuthwanima kutali kumbuyo. Anamutembenuza Thole.

Atafika kumisika anamugulitsa n'kugula chombo chonyamula katundu. Chimenecho chinabala china, chinanso chinabala china. Pofika mwezi uno anali ndi mdipiti wa zombo ndiponso doko lakelake loyandama, magetsi ali ngwee. Ankadziuza kuti Aaron adzakondwa. Ndani sakondwa kusiya ng'ombe imodzi n'kudzapeza khola? Koma chifikireni uthenga uja, ankangokhalira kupukuta laputopuyo.

"Odi kuno! Kodi Mswahili uja akadali ndi moyo?"

Aaron anali pakhomo, chikwama chachikulu paphewa, jekete yachikopa, masaya atalowa pang'ono.

"A Shaba! Ku Joni amakumanani chakudya?"

"Chakudya chiliko, nthawi yodyera ndiyo kulibe. Monire alamu!"

"Yewo, alamu, takulandirani," anayankha Mwasiti akuthira tiyi.

Amuna awiriwo anakumbatirana, kumenyana pamsana. Aaron anafunsa za kamwana kawo Fathiya, anafunsa za bizinesi, koma maso ake anali atapita kale patebulo. Tiyi anangomupsopsona.

"Thole wafika pati?"

"Khala pansi kaye uone," anatero Muzamil. Anayatsa laputopu, mawu akutuluka mothamanga. "Ili ndi doko lako. Izi zonyamula chitsulo, izi za madzi oundana. Ichi chachikuluchi palibe wachifwamba angachiyandikire. Unandisiyira kamodzi, ona tsopano."

Aaron anayang'ana nthawi yaitali. Anasendeza laputopu kwa iye, natsegula mapu. Kanzere kofiira ka ulendo wake kanaoneka kakuchoka pa misika, kulowa mumdima, kutali chomene, kenako n'kukhota ngati mbedza, kubwerera kumene kanachokera.

"Thole ali kuti?"

"Ndinamugulitsa. Kanali kakale, Aaron, kanalibe ndi posungira katundu pomwe."

"Unamugulitsa."

"Inde, koma taona zimene wabala."

"Kwathu wosunga ng'ombe za mnzake amamwa mkaka, amatenga manyowa," anatero Aaron motsitsa mawu. "Mwini akakondwa amamupatsa kamwana. Koma kugulitsa yayi. Ngakhale ng'ombeyo ikhale yokalamba, yothyoka nyanga. Yayi."

"Koma si masewera chabe awa?"

Aaron anatseka laputopu pang'onopang'ono, ngati akufunditsa munthu wogona. Anaimirira, nanyamula chikwama.

"Yewo chomene chifukwa cha tiyi, alamu."

"Nanga laputopu yako?" anafunsa Muzamil.

"Sunga. Muli chuma chako."

Anatuluka, naitana kabaza, osacheuka.

Masiku otsatirawo Muzamil anasowa pogwira. Ankatsegula foni ya kasitomala n'kuiwala chimene amafuna kukonzamo. Mayi wina anam'patsa batire la mwini, mpaka anabwerera akukalipa. Akaimba foni ya Aaron inkangolira. Tsiku lina ankaona kuti wolakwa ndi iyeyo, mawa lake n'kupsa mtima. Munthu wamkulu, wandevu, n'kukwiyira kachombo kojambula? Anayatsa masewera aja kuti mwina mtima ukhale pansi, koma zombo zinkangolowa ndi kutuluka padoko, chuma chikuwonjezekera chokha, iye osadziwanso kuti akuchifuniranji. Anazimitsa.

"Mukuzungulira ngati nkhuku yofuna kuikira," anatero Mwasiti. "Pitani ku Edingeni."

"Ndikatani? Ndikapepese chifukwa chomulemeretsa?"

"Munamufunsa kumene amapita?"

"Kunalibe kumene amapita! Mdima basi."

"Safunsa anadya phula, bambo a Fathiya."

Chakumapeto kwa sabata kunabwera Doris, mkazi wa Aaron, atanyamula mafoni a anthu a m'mudzi mwawo mu jumbo kuti atchajitse. Anapereka moni bwinobwino, nakhala pa benchi. Muzamil analumikiza mafoniwo.

"Alamu, mnzanga ali bwanji?"

"Ali makora. Amadzuka, amapita kukhola, amabwera. Kuyankhula ndiye wasiya ku Joni."

"Ndithandizeni. Ine ndaganiza mpaka mutu kuwawa. Kachombo kaja kanali ndi chiyani?"

Doris anayang'ana kwa Mwasiti, kenako pansi. Anakonza chitenje pamaondo.

"Sanakuuzeni? Amuna inu mumacheza chaka chathunthu osauzana kanthu." Anapuma. "Musanadziwane, tinali ndi mwana wamkazi. Anatisiya asanatuluke m'chikuta. Kwathu wotere amakaika amayi okhaokha, kudambo. Palibe kulira mokweza, palibe mtanda, palibe dzina. Bambo sapitako, saonetsedwa ndi malo omwe. Mbwenu zatha, mawa anthu kumunda."

Mwasiti anasiya kapu imene amatsuka.

"Koma Aaron anali atasankha kale dzina ndili woyembekezera," anapitiriza Doris. "Enifa. Akuluakulu anati wopita alibe dzina, tisamalitchule. Iye anamvera. Ndiye atagula chimakina chakecho anandionetsa kanyenyezi kena kumapeto kwenikweni kwa mapu. Akuti, ‘Doris, apa sipanafike munthu. Ndikafika ndidzalemba dzina lija.’ Ine ndinaseka, ndinati misala. Koma ndinamuona akuyenda ulendowo dzinja lonse ndi chilimwe chomwe. Anali atadutsa theka."

Muzamil anakumbukira kanzere kofiira kaja ndi pamene kanakhotera. Chala chimene chinakhotetsa chinali chake.

"Ndikanadziwa..."

"Mukanadziwa! Iye akanati anene, pakamwa pakanang'ambika? Nonse ndinu amodzi."

"Nanga ndichite chiyani? Thole sangapezekenso. Chombo ukagulitsa chapita."

"Za zombo ine sindizidziwa," anatero Doris. "Ndimadziwa za ng'ombe. Ukataya ng'ombe ya mwini sutumiza uthenga pafoni. Umapeza ina, n'kuikusa wekha ndi miyendo yako mpaka pakhola pake. Kulandira kapena kukana, izo ndi zake."

Doris atapita, Muzamil anayatsa laputopu. Anayamba ndi chombo chachikulu chija, kenako zonyamula chitsulo. Pa doko anaima kanthawi. Analimanga yekha chipinda ndi chipinda, ndipo ankalidziwa kuposa nyumba ya lendi imene ankagonamo.

"Nalonso?" anafunsa Mwasiti ali kumbuyo kwake.

"Likatsala ndidzabwereranso. Ndikudzidziwa."

Analigulitsa. Anagula kachombo kakang'ono ka mtundu wa Thole, ndipo chuma chonse chija anachithira m'matanki a mafuta ndi mu injini yodumpha patali. Malo a dzina la chombo anasiya opanda kanthu.

M'mawa mwake anakulunga laputopu m'pulasitiki, nakwera galimoto ya matola yopita ku Edingeni. Inatitimira m'matope, amuna onse n'kutsika kukankha. Kotsalako anayenda wapansi, thalauza atapinda, nsapato zili m'manja.

Anam'peza Aaron kukhola akuchotsa nkhupakupa pakhosi pa ng'ombe yofiira. Aaron anamuyang'ana kuyambira kumapazi.

"Mswahili wayenda m'matope? Lero kugwa matalala."

"Ndabwera ndi ng'ombe."

Anatsegula laputopu pamwamba pa ngolo. Aaron anapukuta manja pa thalauza, nayandikira. Anaona kachombo kali kokha, mphuno italoza kumdima. Anafufuza doko, osalipeza. Anafufuza zombo zija.

"Chuma chako chili kuti?"

"Chili m'matanki."

"Doris wakuuza."

"Wandiuza."

Aaron anatembenukira ku ng'ombe yake, naikanda pakati pa nyanga.

"Si Thole ameneyu," anatero pomaliza.

"Ndikudziwa."

"Ndipo njira ija ndi yaitali, nganya. Mulibe msika. Ine Januwale ndikubwerera ku Joni, abwana sadikira. Udzatopanso."

"Kutopa ndidzatopa. Koma kukhota ayi."

Aaron anaseka pang'ono, kuseka koyamba chibwerereni. Anakoka laputopu, nalemba pa malo a dzina la chombo ndi chala chimodzi: Matope.

"Kuti uzikumbukira," anatero. Kenako nkhope inasintha. "Chinthu chimodzi, ndapota. Ukakafika ine ndisanabwere, uime pafupi. Usalembe kanthu. Dzinalo ndidzalemba ndekha."

"Ndidzakudikira."

"Tiye kunyumba ukasambe mapaziwo, ungatichititse manyazi."

Aaron anabwerera ku Joni mvula ikadali pakati. Pashopu paja laputopu inapeza malo ake pakona, pafupi ndi mabatire a sola. Makasitomala amene anazolowera kuona doko lowala ankasuzumira n'kupeza mdima ndi timadontho toyera.

"Che Muzamil, chawonongeka chimenechi?" anafunsa wina.

"Chili bwino."

"Nanga mukupita kuti mumdimamo?"

"Ndatumidwa," anayankha Muzamil.

Masana ena, chimanga chitayamba kuuma m'minda, mapu anaonetsa kamsika kakang'ono chakumanzere, komaliza munthu asanalowe kopanda anthu. Mitengo ya chitsulo inali yabwino zedi. Muzamil anaiwerenga yonse mpaka pansi. Mwasiti anamuyang'ana.

Muzamil anatseka mapu, namukankha Matope kutsogolo.