Kapu ya Madzi pa Dashibodi

Adokotala sanazungulire. Anati msana wa bambo angoupanga kumene opaleshoni, ndiye powatengera kunyumba galimoto isawagwedeze. "Akagwedezeka kwambiri mudzabwera nawonso kuno, ndipo sindikulonjeza kuti adzayendanso."

Vuto linali galimotoyo. Bambo anagwira ntchito ya udalaivala zaka makumi atatu, ndipo kagalimoto kawo ankakasamala kuposa ife ana awo. Atangogonekedwa m'chipatala, achimwene anga aakulu anatenga makiyi. Sabata isanathe anachotsa mawilo onse anayi n'kuika malimu akuluakulu onyezimira, okhala ndi matayala opyapyala ngati lamba wa buluku. Akuti mawilo akale ankawachititsa manyazi kwa anzawo.

Kukongola inakongoladi, sindikana, ndipo pokhota inkagwira msewu bwino. Koma tayala lopyapyala lilibe mpweya wokwanira kumeza bampu, moti kamwala kalikonse kankakufika mpaka m'mano. Pachitunda injini inkalira momvetsa chisoni, singano ya petulo n'kumatsika ukuiona. Kainjini kakang'ono ngati kameneka kakanatha bwanji kukoka mawilo olemera chonchija?

Tsiku lokawatenga bambo ndinalawirira kuseri kwa nyumba kumene achimwene anaunjika mawilo akale, galu atawasandutsa pogona. Ndinawagubuduza limodzilimodzi n'kuwapopa. Ndikuika jeki, achimwene anatuluka mswachi uli m'kamwa.

"Iwe, ukutani pamenepo?"

"Mukuona nokha, achimwene."

"Wapenga eti? Ukufuna anthu kuchipatala akaone bambo akukwera chiphakasa?"

"Akaone. Msanawo si wawo."

Alamu anga, akazi awo, anaseka ali pakhonde. "Mkazi ndi sipanala! Koma ziliko chaka chino."

"Alamu, sipanala sifunsa kuti waigwira ndani," ndinawayankha.

Achimwene anaponda sipanalayo ndi phazi. Ndinapsa mtima, koma kukangana nawo n'kutaya malovu. Ndinalowa m'khitchini, n'kutunga madzi m'kapu yachitsulo, n'kukaiika pa dashibodi.

Kapuyo achimwene ankaidziwa bwino. Potiphunzitsa kuyendetsa, bambo ankaika kapu yodzaza madzi m'kachivindikiro kamene anamata pa dashibodi. Madzi akatayika, unkatsika n'kubwerera kunyumba wapansi. Ine ndinayenda wapansi kamodzi. Achimwene kanayi.

"Mukafike pamphambano n'kubwerera," ndinatero. "Madziwa akapanda kutayika, mawilo anu sindiwakhudza."

Ananyamuka pang'onopang'ono ngati anyamula mazira. Pabampu woyamba ndinaona galimoto ikudumpha. Pobwerera madzi anali atatsala theka, ena ali pabuluku lawo.

"Zachibwana zimenezi," anatero akumenyetsa chitseko. "Ukachotsa mawilo amenewa usadzanditchulenso achimwene."

Mawuwo anandipweteka, sindinama. Munthu ameneyu ankandibereka kumsana ndili mwana. Komabe ndinatola sipanala.

Manati a mawilo anali atamangidwa ndi makina a kugalaja, ndiye lililonse ndinkachita kukwera pasipanala ndi miyendo yonse kuti limasuke. Chikhadabo chinathyoka, thukuta linalowa m'maso. Palibe anandigwirako. Malimu onyezimirawo ndinawatsamiritsa kukhonde, pafupi ndi mapazi a alamu, kuti azidziyang'anirapo bwino.

Kuchipatala anamwino anawatulutsa bambo panjinga ya odwala. Anali ataonda, nkhope ili yotuwa chifukwa chosagona masiku ambiri. Anayang'ana mawilo, kenako manja anga akuda ndi girizi. Titawagoneka pampando wakutsogolo ndi mapilo, anaona kapu ija, imene ndinali nditaidzazanso.

"Ukatayitsa ukayenda wapansi," anatero ndi mawu otopa.

"Ndikudziwa, bambo."

Ndinkachita mantha kwambiri. Bampu aliyense ndinkamukwera mopendekera, ndili pagiya yoyamba, a kumbuyo akuimba mahutala. Aimbe. Matayala akale aja ankameza maenje mwakachetechete, madzi m'kapu n'kumangonjenjemera pamwamba. Pachitunda chija galimoto inakwera yosadandaula.

Ndinkadikira kuti ayambe zawo. Bambo sanakwerepo galimoto yoyendetsa munthu wina osalankhula. Nthawi zonse kunali "sintha giya", "wayandikira kwambiri", "buleki, buleki". Koma kunali zii. Nditacheuka ndinapeza agona tulo, kukamwa kuli pululu, dzanja lili pabondo langa. Misozi inalengeza, ndipo ndinachita kuiphethira kuti ndione msewu.

Achimwene anali atatidikirira pageti, nkhope ili gwa, mawu atawakonza kale. Atatsegula pakamwa ndinaika chala pamilomo n'kuwalozera bambo. Anawerama pawindo n'kuwayang'ana nthawi yaitali.

Ndinachotsa kapu pa dashibodi n'kuwapatsira. Inali yodzaza mpaka m'milomo.

"Gwirani bwino, achimwene," ndinanong'ona. "Musatayitse."

Anaigwira ndi manja awiri. Kenako anakankha geti ndi phewa, pang'onopang'ono, kuti isalire.